NTHENDA YA KUIWALA IKAGWIRA KHOLO LIKADALI PA NCHITO

Anthu a dziko lino anazolowera kuona nkhalamba ikuiwala. Agogo a imvi akaiwala pamene aika ndodo yao, kapena akaitana mdzukulu ndi dzina la mwana wao amene anamwalira kale, a pabanja amangomwetulira, nanena kuti ndi ukalamba. Koma kulipo kuiwala kwina kumene sikudikira imvi. Kumagwira bambo wa zaka 52 amene m'mawa uliwonse amabvala jekete ndi tayi kupita ku ofesi ku Capital Hill, kapena mai wa zaka 48 amene ali ndi sitolo ya nsalu ku Old Town, ana ake akadali pa sukulu. Madokotala amaitcha nthendayi dementia, ndipo ikayamba munthu asanakwanitse zaka 65 amati yafulumira. Nkhani ino ikunena za mabanja a mu mzinda wa Lilongwe amene nthendayi imawagwera pa msinkhu wotere, makamaka a m'nyumba za mipanda za ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi madera ena onga amenewa, kumene munthu wodutsa pa mseu amayesa kuti kulibe mabvuto.

Mabvuto alipo, ndipo ndi akulu. Nthenda zambiri zimagwira thupi, nizisiya mutu kuti uganize za mawa. Koma iyi imayamba ndi mutu, kotero kuti munthu amene anali kusunga banja lonse amataya pang'onopang'ono nchito yake, nyumba yake, ndi mphamvu ya kusaina dzina lake, thupi likadali lolimba, akudya bwino ndi kuyenda bwino. Ndipo chuma cha banja chimaonongeka koposa m'miyezi ija, kapena m'zaka zija, zimene zimapita a kunyumba ndi a ku nchito asanazindikire kuti munthuyo akudwala.

Wodwala woyamba anali wa zaka 51

Awerengi ena angayese kuti iyi ndi nthenda yatsopano. Mbiri yake ndi yakale ndithu. Mu November 1901, ku chipatala cha odwala misala cha mu mzinda wa Frankfurt ku Germany, kunafika mai wina dzina lake Auguste Deter, wa zaka 51, amene anali kuiwala zinthu, kubisa katundu m'nyumba, ndi kuchitira nsanje mwamuna wake popanda chifukwa. Dokotala amene anamuyesa, Alois Alzheimer, anampempha kuti alembe dzina lake, koma maiyo analephera kulitsiriza. Atamwalira mu April 1906, dokotalayo anayesa ubongo wake, napeza kuti unali utafota ndi kuonongeka m'kati, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho anafotokozera madokotala anzake pa msonkhano ku Tübingen. Ndicho chifukwa chake mtundu waukulu wa nthendayi umatchedwa ndi dzina la Alzheimer kufikira lero. Chimene sichinenedwa kawirikawiri nchakuti mwamuna wa maiyo, amene anali kalaliki wa ku njanji, anabvutika kulipira chipatala, nayesa kusamutsira mkazi wake kumalo otsika mtengo. Chotero wodwala amene nthendayi inadziwika naye sanali nkhalamba, ndipo nkhani ya ndalama inali pomwepo kuyambira pachiyambi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likuti m'chaka cha 2021 anthu odwala dementia anali 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi a chuma chapakati. Mwa odwala onsewo, amene nthenda inawayamba asanafike zaka 65 angafike 9 mwa 100. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya JAMA Neurology m'chaka chomwecho anapeza kuti pa anthu 100,000 a zaka za pakati pa 30 ndi 64, odwala amakhala 119. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318; munthu wodziwa masamu angathe kuona yekha kuti mzinda wotere sungakhale wopanda mabanja amene asenza katundu ameneyu.

Magwero a nthendayi ndi angapo. Odwala ambiri, 60 kufikira 70 mwa 100, ali ndi mtundu uja wa Alzheimer, umene umayamba ndi kuiwala za posachedwa, za kale zikadali m'mutu. Mtundu wina umayambira kutsogolo kwa ubongo, kumene kumakhala manyazi ndi kudziletsa, ndipo umakonda kugwira anthu a msinkhu wa pakati. Wodwala wake poyamba saiwala kwenikweni, koma amasintha khalidwe, nayamba kutukwana, kumwaza ndalama, ndi kusamva chisoni mnzake akalira. Mtundu wachitatu umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka, kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga. Pamenepa Amalawi ayenera kutchera khutu, pakuti kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 kufikira 64 anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sanali kudziwa. Mowa wa zaka zambiri, chindoko chosachizidwa, ndi kachilombo ka HIV munthu akapanda kumwa mankhwala ake, amene Boma lakhala likupereka kwaulere kuyambira 2004, nazonso zimaononga nzeru.

Palinso matenda ena amene amafanana ndi dementia koma amachizika: kusowa kwa vitamini B12 m'thupi, kufooka kwa chithokomiro, kukhumudwa kwakukulu, kapena magazi ogwirana m'kati mwa chigaza munthu atagunda mutu pa ngozi. Banja limene lingokhala m'nyumba kuyembekeza kuti bambo asintha, mwina likutaya munthu amene dokotala akanamchiza ndi jekeseni kapena opaleshoni.

Makalata a chenjezo

Nthendayi imayamba kuoneka ku nchito, chifukwa kumeneko nkumene mutu umayesedwa tsiku ndi tsiku. Taganizani za mkulu wa ofesi amene watumikira zaka 25 wopanda banga. Tsono ayamba kufika pa msonkhano umene unachitika dzulo. Afunsa mlembi wake funso limodzi katatu m'mawa umodzi. Asaina pepala la malipiro kawiri, kapena aiwala mu diroo faelo imene nduna ikuidikira. Pa ofesi palibe amene amaganiza za ubongo. Ena amanong'ona kuti bwana ayamba mowa, ena amati ali ndi mkazi wina amene wawasokoneza mutu, ndipo ziwerengero zikapanda kugwirizana, amati aba. Mwiniwakeyo amaona kuti china chake chalakwika, koma pokhala munthu wa ulemu wake amabisa: amadzaza desiki ndi timapepala tomukumbutsa, amakankhira nchito kwa achinyamata, ndipo akamufunsa amapsya mtima. Kalata yoyamba ya chenjezo imabwera, kenaka yachiwiri, ndipo kawirikawiri amaziika m'thumba la jekete osauza mkazi wake.

Apa mpamene banja limapulumuka kapena kugwa, ngakhale kuti silidziwa. Lamulo la za nchito la 2000 limasiyanitsa pakati pa munthu amene walakwa ndi munthu amene walephera nchito. Limanena kuti wanchito amene watha miyezi 12 pa malo amodzi, akadwala ndi kuonetsa kalata ya dokotala, ayenera kulandira malipiro athunthu kwa masabata anai ndi theka la malipiro kwa masabata asanu ndi atatu pa chaka. Limanenanso kuti wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe lake salandira ndalama zotsazikira nchito. Lamulo la penshoni la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, linakhazikitsa zoti wolemba nchito azisonkha 10 kwacha ndi wanchito 5 kwacha pa 100 kwacha iriyonse ya malipiro, ndipo linalola kuti munthu alandire penshoni yake nthawi isanakwane ngati dokotala wobvomerezeka watsimikiza kuti sangathenso kugwira nchito. Chotero anthu awiri odwala nthenda imodzi angathe kutuluka pa chipata chimodzi mosiyana kwambiri: wina atuluka ngati wodwala, ndi makalata ake ndi ulemu wake; wina atuluka ngati wolakwa, mwina apolisi ali pambuyo pake. Chimene chimawasiyanitsa ndi pepala limodzi la dokotala, ndi tsiku limene linalembedwa.

Ngakhale amene watuluka bwino wataya zambiri. M'boma anthu amapuma nchito pa zaka 60, ndipo zaka zotsiriza ndizo za malipiro apamwamba, zimene munthu amamalizira nazo nyumba ya kumudzi ndi sukulu ya ana. Wopuma pa zaka 52 wataya zaka zisanu ndi zitatu zonenepazo, ndipo penshoni yake yochepayo iyenera kudyetsa banja limene silinathe kukula.

Olemba nchito a ku City Centre ndi akulu a maofesi a Boma akanachita bwino kukumbukira ichi: wanchito wokhulupirika wa zaka zambiri akasintha khalidwe popanda chifukwa chooneka, atumizidwe kwa dokotala asanaitanidwe ku mlandu. Kutero sikuononga ndalama zambiri, ndipo kumatetezanso ofesiyo, pakuti munthu wodwala mutu akakhalabe ndi makiyi a sefa palibe amene amapindula.

Moyo wopachikika pa malipiro amodzi

Pamene bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, limene linalandira Boma kuchokera ku Zomba mu 1975, okonza mapulani anayala mzinda wotambalala: maofesi pa phiri, mabanki ku City Centre, msika ndi depoti ku Old Town, nkhalango pakati pake, ndipo nyumba za akuluakulu pa mapuloti akulu otalikirana. Mzinda wotere umakoma kwa munthu wa galimoto ndi malipiro. Koma wokhala m'madera amenewa nthawi zambiri nyumbayo si yake: ndi ya kampani, kapena ya Boma, kapena ya lendi, kapena ikadali pa ngongole ya ku banki. Galimoto, inshuwalansi ya chipatala, fizi ya ana ku sukulu zolipira, malipiro a mlonda, a wophika ndi a wosamala maluwa, zonsezi zapachikika pa msomali umodzi. Pa msomali womwewo papachikikanso feteleza wa amai kumudzi, fizi ya ana a mlongo, ndi bokosi la maliro alionse a pa mtundu. Nchito ikatha, onsewa amagwa tsiku limodzi, ndipo a kumudzi, amene amaona mwana wao ali wonenepa ndi wobvala bwino, sakhulupirira msanga kuti chitsime chauma. Amati mkazi ndiye watseka dzanja.

Kenaka pamabwera za kusamuka. Banja limachoka ku Area 43 kupita ku nyumba yaing'ono ku Area 25 kapena ku Area 49, ana nachoka pa sukulu imene anazolowera. Kwa wodwalayo kusamuka nkoopsya koposa, chifukwa nzeru zake zotsala zimatsamira pa zinthu zozolowereka: khomo la kubafa, mpando wake, mtengo wa pabwalo. M'nyumba yatsopano amadzuka usiku kufunafuna chitseko pamene palibe, namanena kuti akufuna kupita kwao.

Za mtengo wa matendawo nzosachita kufunsa. Mankhwala amene madokotala amalemba, monga donepezil, sachiza. Amangopeputsa zizindikiro kwa kanthawi mwa odwala ena. Amachokera kunja, monganso matewera a akuluakulu amene amadzafunika pambuyo pake, ndipo chirichonse chochokera kunja chinakwera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Kujambula ubongo kamodzi nkofunika, kuti dokotala aone ngati mulibe chotupa kapena magazi. Koma mabanja a ndalama pang'ono ali ndi yesero limene osauka alibe, ndilo la ulendo wa ku Johannesburg kapena ku India. Amagulitsa galimoto kapena puloti, nakwera ndege, ndipo kumeneko amauzidwa mau omwewo amene akanamva ku Lilongwe. Ana amene amawerenga pa intaneti amamvanso za mankhwala atsopano otchedwa lecanemab, amene anabvomerezedwa ku America mu 2023. Nzoona kuti alipo. Koma amangochedwetsa nthenda pang'ono, mwa odwala Alzheimer ongoyamba kumene, ndipo mtengo wake unaikidwa pa madola 26,500 pa chaka, zimene pa mtengo wa kwacha wa mu November 2023 ndi ndalama zoposa K45 miliyoni. Otsala amapita kwa asing'anga ndi kwa aneneri, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo aliyense amalonjeza kuti pofika mwezi wa mawa bambo adzakhala atabwerera ku ofesi.

Dzina pa pepala

Pali bowo lina limene ndalama zimatulukira mwakachetechete. Wodwala amene akadali ndi foni, khadi la ku banki ndi cholembera angathe kumwaza m'miyezi itatu zimene anasonkhanitsa pa zaka makumi awiri. Wakuba akamuimbira foni kuti mwana wake wachita ngozi, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba osafunsa. Amakongola kwa akatapila naiwala. Amagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri. Mbale wochenjera akabwera ndi pepala, amasaina chifukwa cha manyazi onena kuti sakumvetsa. Mai wa sitolo ku Malangalanga amabweza chenji kawiri, amaoda katundu amene ali kale pa shelefu, ndipo ku banki m'khonde amakana ngongole imene anatengadi, anzake namuyesa wakuba.

Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limalanga olanda katundu wa womwalira; koma wodwala uyu ali moyo, ndipo dzina lake ndilo liri pa nyumba, pa akaunti ndi pa penshoni. Tsiku limadzafika pamene mkazi aima pa kauntala ya banki ndi mwamuna amene waiwala nambala yachinsinsi, ndipo dzanja lake silingathenso kulemba monga linalembera kale. Ndalama zirimo, koma ana akugona ndi njala. Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse. Nthawi yokonza zinthu ndi miyezi yoyamba dokotala atanena, wodwalayo akadali ndi nzeru zomvetsa chimene akusaina: kuika mkazi kapena mwana wamkulu pa akaunti, kulemba wilo, kuona maina olembedwa pa penshoni, ndi kusonkhanitsa mapepala a nyumba ndi mapuloti pamalo amodzi. Zonsezi zichitike pamaso pa loya ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, wodwalayo akunena yekha zofuna zake, pakuti pepala losainidwa ndi munthu amene sanali kuzindikira lingathe kukanidwa ku khoti, ndipo mlandu wotere umadya chuma chotsalacho. Amene alibe ndalama za loya angapite ku ofesi ya Legal Aid Bureau.

Maliro opanda anthu

Za ndalama zimawerengeka. Za mtima nzobvuta kuzilemba. Mwana wa zaka 19 amene ali ku koleji amabwera pa tchuthi napeza kuti atate ake, amene anali kumphunzitsa masamu pa tebulo, sangathe kumanga mabatani a malaya. Mnyamata amalanda atate ake makiyi a galimoto, iwo namtukwana pamaso pa mlonda. Mwana wamkazi amene mwambo sumlola kuona umaliseche wa atate ake amapezeka kuti ndiye yekha ali pakhomo tsiku limene adziipitsira. Wodwala akaiwala pamene waika chikwama, amaloza amene ali pafupi, ndipo amene ali pafupi ndi amene akumsamala. Chotero mkazi amene sanagone usiku wonse amatchedwa wakuba kapena wachigololo m'mawa mwake. Madokotala amalangiza kuti wodwala asatsutsidwe, pakuti iye sanama, akunena zimene ubongo wake ukumuuza. Koma kumva mau otere kuchokera pakamwa pa munthu amene mwakhala naye zaka makumi atatu, ndi kungoyankha kuti chikwama tichifuna pamodzi, kumafuna mtima umene anthu ambiri alibe madzulo alionse.

WHO ikuti theka la mtengo wonse wa nthendayi pa dziko lapansi ndi nchito ya achibale amene salipidwa, ndipo maola 70 mwa 100 a chisamaliro amagwiridwa ndi akazi. Ku Lilongwe zimenezi zimatanthauza kuti mkazi amasiya nchito yake pa nthawi imene malipiro ake ndiwo okha otsala, kapena mwana wamkazi woyamba amaimitsa maphunziro, kapena amakana ukwati, kapena amabwerera kuchokera kunja kumene anali atayamba kupeza bwino. Abale ake a kutali amatumiza ndalama ndi malangizo pa foni. Ndipo pakati pa wotumiza ndalama ndi wochapa zofunda pamabuka mkangano umene ungakhalepo ngakhale kholo litapita. Anawo amakhalanso ndi mantha amene sauza munthu, akuti kodi nthendayi iri m'magazi. Mabanja amene imayenda kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana mwachindunji alipo, koma ndi ochepa kwambiri, ndipo amadziwika ndi kudwala kwa anthu angapo a msinkhu wochepa m'mibadwo yotsatizana.

Pa maliro anthu amabwera, amai a mpingo amaimba usiku wonse, ndipo mbale ya chipepeso imayenda. Koma banja iri likulira munthu amene wakhala pa khonde akumwa tiyi. Anzake a ku ofesi amabwera kawiri kapena katatu, ndipo akaona kuti sakuwazindikira amaleka. Kumudzi kapena ku Kawale, kumene makomo amayang'anana, mnansi akanaona yekha kuti mai uyu watopa, namtengera mtondo kapena kukhala ndi wodwala ola limodzi. Kuseri kwa mpanda wa njerwa palibe woona, ndipo eni nyumba, pokhala anthu odziwika, amatseka chipata nauza alendo kuti bwana akupumula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Amabisa chifukwa amadziwa zimene anthu adzanena. Munthu wolemera akasokonekera mutu, pamamveka manong'onong'o akuti anakhwimira chuma ndipo waphonya chizimba, kapena kuti anzake a ku ofesi amulodza polimbirana mpando, kapena kuti mkazi anamdyetsa mankhwala kuti alande nyumba. Mau otsirizawa ndiwo amapasula mabanja: abale a mwamuna amafika ndi galimoto, natenga wodwala kupita naye kumudzi kwa sing'anga, mkazi ndi ana natsala ndi mlandu umene sanapalamule. Pamenepa pamafunika atsibweni kapena nkhoswe ya nzeru, amene angapite yekha kukamva kwa dokotala ndi kudzafotokozera mtundu wonse.

Choopsya china ndi kusochera. Wodwala amatuluka pa chipata m'mamawa kunena kuti akupita ku nchito imene anasiya zaka zitatu zapitazo, kapena kwao kumene anabadwira, ndipo popeza miyendo iri ndi mphamvu, amayenda mtunda wautali, kudutsa Lingadzi, mpaka kukapezeka pa depoti ku Old Town osadziwa dzina lake. Munthu wachilendo wopezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, wosabvala bwino, wosatha kunena kumene wachokera, anthu ena amati ndi mfiti imene yagwa pa ulendo wa usiku. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Komabe mu January 2016 anthu anai okalamba a banja limodzi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana wina. Iwowa anali pakati pa abale ao. Nanga wosochera amene palibe womdziwa? Kapepala ka dzina ndi nambala ya foni kosokerera m'thumba la malaya, ndi mau ochepa kwa alonda a nyumba zoyandikana ndi kwa apolisi a ku Lingadzi kapena ku Area 3, zimateteza wodwala kuposa loko wa pa chipata. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha banja litabvomera kuti anthu adziwe.

Kumene kuli thandizo

Ulendo uyambire pa chipatala chiri chonse chapafupi, kaya ku Area 18, ku Bwaila ku Old Town, kapena kwa dokotala wa banja, amene angatumize wodwala ku Kamuzu Central Hospital. A St John of God, amene anayambira nchito yao ku Mzuzu, alinso ndi malo ku Area 43 othandiza za matenda a maganizo. Wodwala asapite yekha, chifukwa pamaso pa dokotala amatha kuyankha mwaulemu ndi mwanzeru kwa mphindi khumi. Apite ndi munthu amene amakhala naye, atalemba pa pepala zimene zasintha ndi mwezi umene zinayamba, atanyamulanso mankhwala onse amene amamwa ndi makalata aja a chenjezo a ku ofesi. Chipatala cha Zomba Mental chiri kutali, ndipo nchito yake ndi yochiza odwala ndi kuwabweza kwao. Si malo okasiyako kholo.

Boma layamba kukonza malamulo a mbali imeneyi. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza anthu okalamba, ndipo mu 2025 inabvomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, lolowa m'malo mwa la 1948 limene linalembedwa m'nthawi ya Atsamunda. Izi nzoyamikika. Komabe wodwala wa zaka 52 amagwera pakati: ndondomeko ya Boma ya 2016 imati wokalamba ndi wa zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira nchito, kotero kuti banja la ku Area 12 silingalembedwe ngakhale m'khitchini mulibe ufa. Pamene akulu a Boma akuganizira za mpata umenewu, mipingo ingathe kuyambapo lero. Amai a Mvano ndi a miphakati amadziwa kale kugawana masiku oyendera odwala. Kukhala ndi wodwala wotere masana amodzi pa sabata, kuti womsamala agone kapena apite kumsika, ndi mphatso yoposa thumba la shuga.

Chotsiriza chimene banja liyenera kufunsa dokotala ndi kutalika kwa ulendo. Odwala Alzheimer ambiri amakhala ndi moyo zaka 4 kufikira 8 nthenda itadziwika, ndipo ena amafika zaka 20. Chaka choyamba wodwala amafuna womkumbutsa. Pakati pa ulendo amafuna womuyang'anira usana ndi usiku. Kumapeto amafuna womdyetsa, womsambitsa ndi womtembenuza pa bedi kuti asatuluke zilonda, ndipo nchito imeneyi siitheka ndi munthu mmodzi. Ndalama za penshoni zolandira nthawi imodzi zimaoneka zambiri tsiku limene zalowa mu akaunti, ndipo achibale onse amadziwa tsikulo. Zigawidwe pa pepala ndi zaka zisanu ndi zitatu, muli lendi, fizi, matewera ndi malipiro a wothandiza mmodzi, tikiti ya ndege isanagulidwe.